Kalata ya M'dirowa

Nditayamba ntchito ku ofesi ya mpingo ku Nairobi, abwana anandipatsa kalata yokhala ndi chidindo. Anati ndikangoionetsa kusukulu yapulayiveti imene ndasankha, fizi ya mwana wanga azilipira ndi iwo. Ndinathokoza mwaulemu, koma mumtima ndinapsa. Kwathu ku Zomba, kupulayiveti kunkapita ana olephera kusankhidwa. Ine ndinasankhidwa, bambo anga mpaka anapha mbuzi. Ndiye wanga akayambe sukulu ngati wolephera kale? Kalatayo ndinaiponya m'dirowa, mwana n'kukamulembetsa kusukulu ya boma ku Ngong, kumene tinkachita lendi.

Chaka choyamba zinayenda bwinobwino. Kenako boma latsopano linalengeza kuti fizi kupulayimale yatha. Ndinaomba m'manja ndekhandekha pomva pawailesi. Kwathu zinachitikapo kale zimenezi, chotsatira chake ndinkachidziwa, koma ndinasankha kuiwala.

Tsiku lotsegulira, mayo ine! Pabwalo la sukulu panali ngati pamsika. Kalasi ya mwana wanga inadzaza mpaka pakhomo, mphunzitsi mmodzi yemweyo, madesiki omwewo. Wofika mochedwa ankakhala pansi kumbuyo.

Mwa ana atsopanowo munali mtsikana wa amayi amene ankandigulitsa ndiwo zamasamba zotchedwa sukuma pakona ya msewu wathu. Anali wamkulupo, koma ku sukulu n'kuti asanapondeko chibadwire. Anagwirizana ndi mwana wanga tsiku lomwelo. Mtsikanayo ankachedwa, chifukwa ankayamba wathandiza amayi ake kusenza masamba, ndiye wangayo ankathamangira m'mamawa kukayala juzi padesiki, kumusungira malo.

"Amayi, fulumirani, malo atha!" Imeneyo inali nyimbo ya m'mawa uliwonse, ine nsapato imodzi ili m'manja.

Anthu oyandikana nafe anayamba kuchotsa ana awo mmodzimmodzi. Ine mtima sunkakhala m'malo. Ndili m'matatu, minibasi zakumeneko, maso ankangothamangira zikwangwani za masukulu apulayiveti. Nthawi yankhomaliro ndinkapita kukasuzumira pampanda wa sukulu ina yotero, n'kubwerera osalowa. Ndikafika kunyumba ndinkatsegula dirowa, kuwerenga kalata ija, kuipinda, kuibwezera. Mawa lake chimodzimodzi.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, mnzanga wa ku Dedza anandikokera pambali. "Asisi, kuno si ku Zomba ayi. Kunyada kwanuko kumupweteketsa mwana. M'mera mpoyamba."

"Inu sukulu ya boma ndi imene inakuphunzitsani Chizungu mukunyadirachi," ndinamuyankha. Tinasiyana osatsanzikana.

Koma mawu akewo anandilowa. Masana omwewo ndinauza mwana kuti andiwerengere buku lake la kusukulu. Anawerenga mosadodoma, ine n'kumamwetulira, mpaka nditaona kuti chala chake chili pamzere wina, pakamwa pakutuluka zina. Ndinaphimba chithunzi ndi dzanja, n'kumulozera liwu limodzi. Zii. Ndinalozera lina. Misozi inayamba kutsika. Mwanayo ankangoloweza zimene kalasi yonse inkaimba pamodzi, kuwerenga sankatha.

Lolemba ndinapita kwa aphunzitsi ake nditakonzeka kukalipa. Sanadziteteze. Anangondilozera mulu wa makope osachonga, wofika m'chiuno mwanga. "Mama, ndimufikire bwanji mwana wanu?" Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti nawonso ana awo anawachotsa kale. Ukali wonse unandithera pomwepo.

Kalata ija ndinaitulutsa. Kusukulu yapulayiveti anangoona chidindo, basi, mpando n'kundipatsa.

Tsiku loyamba, mwana atavala yunifolomu yatsopano, tinadutsa pageti la sukulu yakale. Ana ankathamanga kukalimbirana madesiki. Mwana wanga anaima.

"Amayi, nanga lero malo amusungira ndani?"

"Apeza, tiye tichedwa," ndinatero, n'kumukoka dzanja. Ndinadziwa kuti ndikunama.

Temu isanathe anayamba kundiwerengera zikwangwani tili m'matatu, mokweza, mpaka kondakitala kuseka. Ndinasangalala, sindikana. Ndikanapatsidwanso mwayi ndikanachita zomwezo.

Koma m'mawa wina, nthawi ya sukulu, ndinapeza mtsikana uja atakhala pathebulo la amayi ake akumanga sukuma m'mipukutu. Amayiwo anandiuza mosadandaula kuti chichokereni wanga, mwanayo ankakhala pansi kumbuyo, osamva kanthu, osaona bolodi, mpaka anangoti bola pano. Anafunsa ngati mnzakeyo akukhoza bwino kusukulu yatsopano, n'kundiwonjezera mpukutu umodzi waulere kuti ndikamupatse.

Ndinaulandira ndi manja awiri. Kuyambira tsiku limenelo ndinkatsika matatu pasiteji yapatsogolo, n'kumayenda ulendo wautali kukagula sukuma kumsika, kuopa kudutsa pakona paja.