Chimene Tanveer Anapeza M'siling'i mwa Azakhali Ake

Inu amene mukuti zanu zavuta, imvani za Tanveer. Iyeyu anachititsidwa manyazi pa ukwati, mbale ya mpunga wa biriyani ili m'manja, mzinda wonse wa Bradford ukuonerera.

Azakhali ake, mayi Shamshad, mlongo wa malemu bambo ake, anadikira kuti holo idzaze. Mayi ameneyu sakalipa anthu akakhala ochepa, amati n'kuwononga mawu. Anachoka kumbali ya amayi n'kukaima pakati pa amuna.

"Tanveer! Ubwere udzachotse magalasi ako aja padenga panga. Unati bilu ya magetsi itsika. Yatsikira kuti? M'nyumba mukuzizira ngati m'mochale! Kusukulu unalephera, padenga walepheranso. Tikuike pati iwe?"

"Pepani azakhali," anatero Tanveer.

Mwanayu bambo ake anamusiya ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Sukulu anatulukako wopanda pepala. Zaka zisanu ndi chimodzi ananyamulira makwerero mzungu wina woika sola, dzina lake Dennis, mpaka anaidziwa ntchito n'kugula galimoto yakeyake. Koma kuno ntchito siyenda ndi chikwangwani, imayenda ndi pakamwa pa amayi. Sabata isanathe, mabanja atatu anali atamuuza kuti asabwerenso. Mwezi utatha, foni inangoti zii. Dzina lake linali litafa.

Anakwera padenga paja kawiri. Sola inali bwinobwino. Mutu utaima, anapita kwa Dennis.

"M'nyumbamo unalowa?" anafunsa mkuluyo.

"Ndinalowa. Ndinamwamo tiyi."

"Sindikunena tiyi. M'siling'i unasuzumiramo?"

Ayi ndithu. Azakhali anali atanena kuti kumtunda, ku zipinda zam'mwamba, kumagona atsikana, mwamuna sakwerako. Tanveer, poti ndi mwana waulemu, anadutsitsa mawaya kunja kwa khoma osafunsa kawiri.

"Sola imapanga magetsi, siitseka mabowo," anatero Dennis. "Ngati kutentha kukuthawa, ukutunga madzi ndi lichero. Pita ukaphunzire kuyeza nyumba, kuona pamene kutentha kukuthawira. Woyeza nyumba amalowa paliponse, ndipo pepala lake boma limalimvera."

Kunyumba nkhaniyi inabutsa mkangano wokoma. Mlamu wake, munthu woyendetsa takisi wodziyesa wodziwa zonse, anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, wokwera padenga ndi wokwera padenga. Mapepala asiyireni anthu a mataye. Inu kalata ya kuchipatala imakutengerani ola lathunthu!"

Nabeela, mkazi wa Tanveer, anamulanda mchimwene wakeyo mbale ya samusa. "Achimwene, laisensi yanu ija munakhoza kachingati? Kachinayi. Idyani zakwanu."

Tanveer analembetsa. Musaganize kuti zinayenda ngati mafuta. M'kalasi anzake ankatembenuza tsamba iye akadali pamzere wachitatu. Masana alionse Nabeela ankamuwerengera mokweza uku akukanda ufa wa chapati, iye n'kumabwereza ngati mwana wa ku madrasa. Anaphunzira kuyeza kukhuthala kwa khoma, kuzindikira zaka za mawindo, kupeza pamene mphepo ikulowera. Nyumba yawo anaiyeza kasanu ndi kanayi, mpaka mphaka ankathawa akaona tepi.

Ntchito yake yoyamba aphunzitsi anaibweza. Anali atasokoneza miyeso ya chipinda chapansi. Mlamu uja anaimva nkhaniyi tsiku lomwelo, azakhali m'mawa mwake, ndipo pofika Lachisanu inali itafika kumudzi kwawo ku Mirpur, kutsidya kwa nyanja.

"Ndisiye basi," anatero Tanveer.

"Usiye ukatani?" anafunsa Nabeela. "Padenga unkagwa kangati usanazolowere? Tenga tepi."

Kachiwiri anakhoza.

Tsono onani mmene Mulungu amachitira. Chisanu chitabweranso, mayi Shamshad anati nyumba ija yawakwana, aigulitse. Koma kuno sugulitsa nyumba popanda pepala la woyeza. Amuna awo, bambo Zahoor, munthu woti paundi imalira ikamatuluka m'thumba mwake, anakumbukira kuti wachibale salipiritsa. Anamuitana Tanveer.

Anayeza pansi ponse. M'chipinda chilichonse munali hita yamagetsi ikuyaka, mahita onse asanu, koma anthu atavala majekete. Atafika pa masitepe anapeza azakhali atatsekereza, manja m'chiuno.

"Kumtunda ayi."

Kale akanabwerera. Tsiku limeneli anaima.

"Azakhali, atsikana atsike kaye, ine ndidikira. Koma ndikapanda kuona m'siling'i ndilemba kuti sindinaone. Pepala lituluka loipa, ogula akutsitsirani mtengo."

Mawu oti mtengo anafika m'khutu mwa bambo Zahoor. "Mayi, m'patseni njira mwanayo."

Tanveer anakankha kachitseko ka siling'i, n'kuwalitsa tochi. Abale inu! Mabokosi achitsulo khumi ndi awiri, ochokera kumudzi, odzaza mabulangete, zofunda zathonje ndi mapoto, katundu wodzaperekeza ana aakazi atatu ku ukwati. Ndipo thonje lachikasu lija amayala m'siling'i kuti kutentha kusathawe munalibe ndi kachidutswa komwe. Matabwa okhaokha. Kutentha kwa mahita asanu kunkangodutsa n'kukasangalatsa nkhunda padenga. Mabulangete makumi anayi ali m'mwamba osafunda munthu, eni ake akunjenjemera pansi.

"Thonje la muno linapita kuti?" anafunsa.



"Chinthu choyabwa chija?" anatero azakhali. "Chikanaononga zofunda za ana anga. Ndi bambo awa anakataya."

"Ine? Anandituma ndani? Ndani ananena kuti ndikapanda kuchotsa ndidzagona m'galimoto?"

"Ndiye mwamuna wamkulu mungamve zilizonse?"

Mkangano umenewo unatenga makapu awiri a tiyi, ndipo anakumbutsana mpaka za mphete ya chaka cha ukwati wawo. Apa mpamene Tanveer akanabwezera za pa holo zija. Ambiri a ife tikanatero, ndipo tikanaitana ndi anthu apafupi. Iye anangopukuta fumbi m'mutu.

"Cholakwa n'changa, azakhali. Ndinakugulitsani sola ndisanaione nyumba. Mundilole ndikonze."

Loweruka anatsitsa mabokosi onse, anayala thonje latsopano, anakhoma matabwa pamwamba pake, n'kubwezera mabokosiwo mwaulemu. Anamata ndi mipata ya m'zitseko. Sabata yomweyo mahita atatu anazima. Nyumba sinagulitsidwe.

Kodi mayi Shamshad anapepesa? Mukuwadziwa inu? Pa chikondwerero cha Idi, nyumba itadzaza alendo, anavula juzi pamaso pa onse n'kuyamba kudzikupiza ndi mpango.

"Kutentha muno! Inu, musalole munthu kukwera padenga panu asanalowe m'siling'i. Enawa ndi akuba. Itanani mwana wa achimwene anga. Nzeru zimenezi anatengera kwathu."

Pakamwa pomwe panamupha m'pomwe panamudzutsa. Lero Tanveer akafika pakhomo sayamba wayang'ana kumwamba. Amavula nsapato, amalowa, amayeza. Anthu ena iye amawauza kuti, "Sola dikirani kaye, yambani mwatseka mabowo," ndipo anthu amenewo ndi amene amamutumizira abale awo onse. Mlamu uja tsopano amauza okwera takisi kuti maganizo opita kusukulu anamupatsa ndi iye.

Ndiye iwe amene wanyozedwa pagulu, usathamangire kutseka chitseko n'kumalira. Mwina manja ako alibe vuto, pali kachipinda kamodzi kokha kamene sunalowemo. Kaphunzire chimene ukuchiopacho, ngakhale uziwerenga ngati kamba. Akakubweza, tenganso tepi. Mtima usautaye, mwanawe, ndipo azakhali akatsekereza masitepe, upemphe mwaulemu, koma ukwere.