Nsambo Yachitatu

Bambo okonza njinga pamphambano ali ndi banjo yodzipangira okha. Anatenga chitini cha mafuta, mwendo wa mpando wothyoka ndi waya wa mabuleki. Chaka chonse akuphunzira nyimbo imodzimodzi, ndipo ikawakanika amati, "Vuto si zala, ndi waya."

Tsiku lina nsambo yachitatu inaduka. Poyang'anayang'ana, anaona njinga ya akazi awo itatsamira khoma.

Masana mayiwo anabwera akukankha njingayo, mawondo atasupuka, m'mutu muli masamba okhaokha.

"Bambo, mabuleki anga ali kuti?"

Iwo anangokhudza nsambo yatsopano ija mwamanyazi, ndipo inalira bwino kuposa zinzake.

Mayiwo anakhala pansi. "Imbani timve. Waya ameneyo ndi wabwino, ndamulipira ndi mawondo. Mukalakwitsa lero, vuto ndi zala."