Masiki ya Pamphuno ndi Duku Langa

Amuna anga ankaliza mkonono woti a nyumba yoyandikana nafe ankachita kugogoda khoma. Koma ine chinkandiopsa si phokosolo ayi. Ankati akaliza, akaliza, kenako zii, osapuma, mpaka ndiwagwedeze. Ankayendetsa thirakitala yokoka nzimbe ku Nchalo, ndipo anali atayamba kuwodzera pachiwongolero. Kapitawo anati zikachitikanso, ntchito yatha.

Dokotala wachizungu wa pachipatala cha kampani anati atibwereka makina opopera mpweya munthu akagona. Kubwereka ife? Ulere? Masiku amenewo chaulere tinkachikayikira. Anaika masiki ziwiri patebulo, ina yophimba mphuno yokha, ina mphuno ndi pakamwa pomwe.

"Inu bambo mumagona kukamwa kuli yasa," anatero. "Tengani yaikuluyi."

Amuna anga maso anali pa paipi yochoka pa masiki kukalowa m'kabokosi. Anandinong'oneza m'Chisena kuti, "Mayi, zolankhula zanga zakutulo zija zizikathera m'bokosimo. Akadzalitenga, adzamvetsera ndani?"

Munthuyu ankabwebweta kutulo za ndale, zoti masana sakanayerekeza n'komwe kuzitchula, ndipo nthawi imeneyo pakamwa pankasowetsa anthu. Tinatenga ya pamphuno kuti mawu asalowe m'paipimo.

Nanga inathandiza? Mpweya unkalowa m'mphuno n'kuthawira kukamwa, fuu! Ndiye ndinayamba kuwamanga chibwano ndi duku langa, mfundo pamutu. Apo mpamene anayamba kugona ngati munthu.

Tsiku lina atachokera shifiti anagona masana. Ine ndili kumpopi, achemwali awo anafika kuchokera ku Chiromo n'kulowa osaodira. Anapeza mlongo wawo ali chagada, chibwano chomanga monga timamangira maliro. Mfuu wake! Anthu a mzere wonse wa nyumba zathu anakhamukira kwathu, ena atayamba kale kulira.

Amuna anga anadzuka, inde. Koma alamu angawo anandiloza chala. "Inu, wamoyo amamangidwa chonchi? Mukumukonzera chiyani mlongo wangayu?"

Ndikanati chiyani pagulu? Kuti tikuopa bokosi lingatineneze kuboma? Pakhamu paja sindinkadziwa kuti khutu la ndani likugwirira ntchito ndani. Amuna anga nawonso osanditeteza n'komwe, n'zimene zimandikwiyitsa mpaka lero.

Ntchito anaigwira mpaka kupuma, osawodzeranso. Koma atamwalira ndi ukalamba, abale awo sanandilole ngakhale kuwakhudza kumaso.