Mfundo Zitatu pa Ulusi Wobiriwira

Mwana wanga anabadwa mimba itangokwana miyezi isanu ndi iwiri. Anamugoneka m'kabokosi kagalasi kofunditsa, m'wodi ya ana obadwa masiku asanakwane, ndipo ine ndinkakhala pampando wapulasitiki pambali pake, maso ali pachifuwa chake kuona ngati chikukwera ndi kutsika. Chilichonse ndinkachiyang'anitsitsa: uyu wasamba m'manja, uyo sanasambe, winayu waima nthawi yaitali pa mwana wa ndani. M'chipinda chimenecho ndi mmene ndinadziwira Mayi a Tizipewa.

Dzinalo tinawapatsa ndife amayi a m'wodimo. Sanali ogwira ntchito pachipatala. Iwo ankasita zovala pamalo ena ochapira, kuseri kwa siteji ya basi, ndipo mikono yawo inali zipsera zokhazokha za nsimbi. Lachitatu lililonse akaweruka masana ankabwera ndi chikwama chansalu chodzaza tizipewa ndi timasokosi, n'kumagawa kwaulere. Anamwino ankati achita zimenezi zaka zisanu ndi zitatu. Ulusi sankagula. Ankamasula majuzi akale omwe eni ake awasiya, kuuchapa, kuuyanika, n'kuukulunga timipira. Ankaluka ndi kasingano kamodzi kangowe kunsonga, osayang'anapo n'komwe, pakamwa pali nkhani.

"Mukulira chiyani, atsikana?" ankatero akangolowa. "Inetu ndinabadwa ngati khoswe, mutu ngati dzira. Tandioneni lero, mpando umodzi sundikwana!"

"Ndiye mutilukire ndi ife tomwe, mayi," wina ankayankha. "Tsitsi latha ndi maganizo."

"Iwe mutu wakowo juzi imodzi singakwane. Dikira ndipeze bulangete."

Wodi yonse inkaseka, ngakhale ine.

Anali ndi kachitidwe kawo. Asanalukire mwana, ankasamba m'manja mpaka m'zigongono, kupempha anamwino kuti atsegule kabokosi, kenako kuzunguliza kaulusi pamutu pa mwanayo n'kumanga mfundo pamene kakumana. Mwana aliyense anali ndi mtundu wake. Wanga anamusankhira wobiriwira. Kaulusiko ankabwerera nako m'chikwama.

Mwana wa mnzanga wa pakabokosi koyandikana nafe anamuyeza Lachitatu ndi ulusi wachikasu. Lachisanu mwanayo anatisiya. Loweruka m'mawa, tsiku losakhala lawo, ndinawaona Mayi a Tizipewa pakhonde akupereka kwa anamwino kansalu koyera koluka ndi kachipewa koyera. Mwanayo anatuluka atakulungidwa m'menemo, ndipo zinamukwana ndendende.

Ndinakumbukira kaulusi kachikasu kaja. Apongozi anga atabwera ndi chakudya, ndinawanong'oneza zonse.

"Iwe, munthu wamoyo amamuyeza ndi chingwe?" anatero. "Ndiye ulusiwo amapita nawo kuti?"

"Amauika m'chikwama, amayi."

"Wawalola kangati?"

"Katatu."

Anaika mbale pansi osaitsegula.

Lachitatu lotsatira Mayi a Tizipewa atasamba m'manja n'kuyandikira kabokosi kathu, ndinaimirira patsogolo pawo.

"Musamukhudze mwana wanga! Bwezani ulusi wake!"

"Mwanangu, kwagwanji?"

"Ndinakuonani Loweruka. Mumayeza ana kuti muwalukire zokawaika nazo."

Amayi ena anayamba kusendera kufupi ndi ana awo. Ndinkadikira kuti Mayi a Tizipewa akalipe, mwina adzikanire. Iwo anangopisa m'chikwama, kusankha kaulusi kobiriwira pakati pa tinzake, n'kundipatsa pamodzi ndi kachipewa katsopano.

"Akanso n'kake," anatero. "Kakale kaja kayamba kumuthina."

Anatuluka osagawa zotsalazo. Ine ndinaponya zonse ziwiri pansi pa chikwama changa. Apongozi anapita kuofesi tsiku lomwelo, ndipo sabata isanathe pachitseko panamatidwa pepala: olowa ndi makolo ndi ogwira ntchito basi.

Pang'onopang'ono tizipewa tinatha m'wodimo. Ana atsopano ankabwera, amayi awo n'kuwaveka zipewa zogula, zimene zinkatsetsereka mpaka pamphuno. Ena ankadula sokosi ya mwamuna wawo. Ndinkaona anamwino akuthamanga kukakweza chipewa chimene chaphimba nkhope ya mwana, koma palibe ankandinena. Bola akanandinena.

Patatha masabata asanu anatiuza kuti titha kupita kwathu. Ndikulongedza ndinapeza kaulusi kaja. Kanali ndi mfundo zitatu, iliyonse patsogolo pang'ono pa inzake. Anamwino aakulu, amene ankandilembera kalata yotulukira, anakaona m'manja mwanga.

"Mukudziwa ntchito yake?" anandifunsa. "Ana amenewa amazizira kudzera kumutu. Chipewa chikakula chimatseka mphuno, chikachepa chimafinya. N'chifukwa chake ankayeza sabata iliyonse. Mfundo ikasuntha, ankabwera kudzatiuza akuvina, ife sikelo tisanaione n'komwe."

"Nanga kansalu koyera kaja?"

"Mayi wa malemuyo ndi amene anapempha. Analibe chomuveka chomukwana. Ndine ndinawaimbira foni mayi aja."

Ndinazunguliza kaulusiko pamutu pa mwana wanga. Anali atapitirira mfundo yachitatu ndi chala chathunthu.

Ndisanatuluke pachipata ndinapita kuofesi kukanena kuti ndinalakwitsa ndine. Bambo wa pamenepo anandimvetsera bwinobwino, n'kunena kuti lamulo linasainidwa kale, silichoka chifukwa munthu wasintha maganizo.

Mwezi wotsatira ndinabereka mwana wanga kumsana n'kupita kuseri kwa siteji ya basi. Malowo anali kachipinda kotentha, kodzaza nthunzi ndi malaya olendewera. Ndinawapeza Mayi a Tizipewa akusita buluku, chikwama chansalu chija chili pamsomali, chopanda kanthu.

"Mayi, mwandizindikira?"

"Wobiriwira," anatero. "Wakula?"

Ndinagwada pa simenti ponyowapo. Ndinangoti, "Mundikhululukire, mayi. Ndinali ndi mantha."

"Dzuka, udetsa chovala, ine ntchito yandichulukira kale." Anaimika nsimbi. "Mantha ndimawadziwa, mwanangu. Ndinakuona tsiku loyamba, sunkaphethira n'komwe."

"Mukulukabe?"

"Ndinayesa. Ndinkasiya kwa alonda pachipata. Koma kuluka mutu osauona n'kuononga ulusi. Zina zinkakula, zina kuchepa, anamwino n'kumabweza. Ndinasiya."

Ndinamutsitsa mwana kumsana kuti amuone. Anali atavala kachipewa kamene ndinakakana kaja, kakuthina, makutu ali panja. Nkhope yawo inawala. Anapukuta manja pa epuloni, dzanja lamanja n'kunyamuka lokha, chala chachikulu ndi chamkombaphala zitatambasuka ngati zikufuna kuzungulira mutuwo. Litatsala pang'ono kufika, linaima. Anandiyang'ana, n'kulibweza kumbuyo kwawo.

"Mugwireni, mayi, chonde," ndinatero.

"Manja atentha ndi nsimbi," anayankha, n'kutenganso buluku lija.

Kaulusiko ndimakasunga m'kalata ya kusikelo. Ndinagula kasingano kangowe, ndipo ndikuphunzira ndekha masana mwana akagona. Tizipewa tanga timatuluka tokhota, mfundo zili m'kati mmene zingakande mutu wa mwana. Ndamasula kale kasanu. Wondionetsa polakwikapo alipo, kuseri kwa siteji ya basi, koma sindinalimbe mtima kubwererako.