Mvuu Imene Sindinaimve

Chinayamba ndi kuyetsemula. Unali mwezi wa Juni chaka chatha, mlungu umene tinayamba kupuntha mapira. Ndinayetsemula kasanu ndi kawiri motsatizana mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Sindinadabwe. Chaka chilichonse mapira akauma, mphuno yanga imachucha, maso amayabwa, ndipo pakapita milungu iwiri zimatha zokha. Ndakula nazo. Kuchipatala sindinapiteko nazo ngakhale kamodzi. Kwa ine chipatala chinali cha munthu amene wathyoka mwendo kapena wagwidwa ndi ng'ona, osati cha mamina.

Ndine msodzi wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma nkhani ino ndalemba ndekha. Timapha mphende ndi milamba m'dambo lalikulu la Shire, ine ndi alamu anga a Bizeki, alongo awo a mayi a Rute, akazi anga. Bwato ndi la a Bizeki. Iwo amapalasa kumbuyo, ine ndimakhala kutsogolo. Kukoka ukonde sindithanso bwino, mapewa anatha. Ntchito yanga ndi kumva. M'mamawa kukagwa nkhungu, mvuu m'bango sioneka. Imamveka. Imapuma mwa njira yake, madzi amalira mwa njira yake, ine ndimakweza dzanja, a Bizeki n'kukhota. Zaka zonse zimene takwera limodzi, bwato lathu silinagubuduzidwepo. Padoko amanditcha Khutu. Dzina limenelo sindinalipemphe, koma sindinalikanenso.

Chaka chathacho mapira anabereka bwino, koma nkhokwe yathu inali itagwa ndi madzi osefukira. Ndinalamula kuti ngala zonse zilowe m'chipinda chimene ndimagona, mbuzi ndi akuba asazione. Mayi a Rute anati, "Inu bambo a Rute, mumayetsemula mukangodutsa pafupi ndi mapira, lero mukufuna kugona nawo?" Ndinawayankha kuti nyumba ili ndi mutu umodzi. Iwo ananyamula mkeka wawo n'kusamukira kuchipinda china. Ine ndinagona pakati pa mapira ngati mbewa yolemera.

Mlungu wachiwiri mphuno inatseka mbali zonse. Ndinkapumira pakamwa. Maso anafiira ngati a munthu wa kachasu, chonsecho ine sindimwa. Tsiku lina Lachitatu ndinamina mwamphamvu, ndipo khutu lakumanja linangoti phwa, n'kutseka. Silinapweteke. Linangolemera, ngati ndamiza mutu m'ndowa ya madzi. Patapita masiku atatu lakumanzere linatsatira, ngakhale kuti ilo linasiyako kampata. Kutafuna kwanga ndi kupuma kwanga ndinkakumva bwino kwambiri. Za anthu ena ndinkangoona milomo.

Sindinauze munthu. Munthu wotchedwa Khutu sanena zimenezo. Mwayi wake ine sindiyankhula kwambiri, choncho anthu sanazindikire msanga. Wina akandiyankhula ndinkamuyang'ana mwaukali n'kunena kuti, "Mhm." Zaka zambiri yankho limenelo lakhala likundikwanira.

Ndinayamba kudzichiritsa ndekha. Ndinazula nthenga ya tambala n'kuipotokola m'khutu monga ankachitira bambo anga. Inakoma, koma sinatsegule kanthu, ndipo inatuluka yaifupi kuposa mmene inalowera. Kenako ndinapempha fodya wam'mphuno kwa nkhalamba inzanga yoyandikana nafe, poganiza kuti ndikayetsemula kwambiri khutu litseguka ndi mphamvu. Ndinayetsemula mpaka msana unagwira. Khutu silinasunthe.

Kudambo ndinkapitabe. Loweruka m'mamawa kunagwa nkhungu yambiri. Tinalowa m'kanjira ka m'bango kukaona maukonde amene tinatchera dzulo lake. Ndinakhala kutsogolo, khosi chilili, nkhope ya munthu amene akumvetsera. Kwa ine dambo lonse linali zii. Ndinaloza kutsogolo kuti tipitirire. Mwadzidzidzi bwato linabwerera m'mbuyo mwamphamvu, ine n'kugwa chagada. Podzuka ndinaona mutu wa mvuu, pafupi moti ndikanatha kuikhudza ndi nkhafi. Inayasamula. Mano onse ndinawaona. Pambali pake panali mwana wake. A Bizeki anali ataimva okha kuchokera kumbuyo, munthu amene samva ngakhale belu la tchalitchi. Anapalasa chobwerera ngati mnyamata. Chipewa changa chinatsala komweko.

Njira yonse a Bizeki ankakuwa. Ndinadziwa kuti alowa m'Chisena, chifukwa ndi mmene amachitira akakwiya. Ine ndinkangoti, "Mhm." Titafika padoko anabwera pa khutu langa lakumanzere n'kukweza mawu kuti ndimve. Ndinamva. Doko lonse linamvanso.

"Alamu, imwe nkhabe kubva! Simukumva inu! Mukanatiphetsa ndi mhm wanuyo! Julayi akatha makutu ali chomwecho, kutsogoloko kukhala mkamwini wanga."

Mkamwini wawoyo ndi munthu wa kumapiri. Chule akalira iye amalumpha. Ndinaona kuti malo anga m'bwato akupita kwa munthu amene sasiyanitsa mvuu ndi chitsa, ndipo ine nditsala pakhomo kupirikitsa nkhuku.

Madzulo ake a Bizeki anabwera kunyumba mtima utatsika, ali ndi nzeru yawo. Anati ndi madzi a mumtsinje amene analowa. Kuno mwana akasambira madzi n'kumulowa m'khutu, amatola mwala wotentha ndi dzuwa, amauika pakhutu, amapendeketsa mutu n'kumadumpha ndi mwendo umodzi. Tonse tinachitapo tili ana. Pamaso pawo ndinakana. Mawa lake Lamulungu masana ndinapita kuseri kwa nyumba, ndinatola mwala, ndinayamba kudumpha. Sindinamve kuti amayi a kutchalitchi akubwera kudzacheza ndi mayi a Rute, ndipo njira yawo imadutsa kuseri komweko. Ndinatembenuka ndili pa mwendo umodzi. Analipo asanu ndi mmodzi, onse atavala zoyera. Mmodzi anagwada kundipatsa moni. Enawo anaphimba pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka.

Lolemba m'mamawa mayi a Rute anandiikira kabuku ka chipatala pamwendo, n'kuloza njinga ziwiri za kabaza zimene zinali zitaima kale pabwalo. Sindinatsutse.

Tinafika kuchipatala chaching'ono cha kwathu dzuwa lisanatenthe, koma mabenchi anali atadzaza. Ndinakhala pakati pa amayi obereka ana. Anandiyeza pasikelo, anandimanga lamba pamkono kuyeza kuthamanga kwa magazi, n'kundibweza pabenchi. Tinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Dzina langa analiitana katatu. Ndinadziwa mayi a Rute atandigunda ndi chigongono.

Adokotala anali mayi wamng'ono, msinkhu wa mwana wathu Rute. Anaunika m'mphuno ndi katochi, kenako m'khutu. Anatenga kachitsulo, anatulutsa kanthu, n'kukaika papepala patsogolo panga. Inali nsonga ya nthenga.

"Agogo, tambalayu analowa bwanji?" anafunsa mokweza.

Ndinati, "Mhm."

Anafotokoza pang'onopang'ono, akundiyang'ana kumaso. Anati m'khutu mulibe madzi a mumtsinje, mulibenso mafinya. Thupi langa ndi limene siligwirizana ndi fumbi la mapira. Fumbilo likalowa, m'kati mwa mphuno mumatupa. Anati pali kanjira kochokera kuseri kwa mphuno kupita kukhutu, kolowetsa mpweya. Mphuno ikatupa kanjirako kamatseka, khutu n'kugontha. "Vuto lili m'mphuno, agogo. Inu mwakhala mukulanga khutu losalakwa," anatero. Atafunsa kumene ndimagona, mayi a Rute anayankha ine ndisanatsegule pakamwa, ndipo anayankha motalika.

Anandipatsa timapiritsi toletsa kuyabwa ndi kuyetsemula, tomwa kamodzi patsiku pogona. Anachenjeza kuti timabweretsa tulo, ndisakwere bwato mutu uli wolemera. Zotsalazo anati n'zapakhomo. Mapira atuluke m'chipinda, ndipo posesa ayambe awaza madzi. Anthu akamapuntha kapena kupeta ndikhale kutali, apo ayi ndivale chophimba mphuno ndi pakamwa, pambuyo pake ndisambe kumaso. M'mphuno ndizitsuka ndi madzi owiritsa, atazizira, othira mchere pang'ono. Ndizifunda nsalu pa beseni la madzi otentha n'kumapuma nthunzi, mosamala kuti ndisapse. Ndizimina pang'onopang'ono, mbali imodzi imodzi. Ndizimeza malovu, ndiziyasamula, ndizitafuna kanthu, kuti kanjira kaja katseguke. M'khutu musalowenso nthenga, machesi, mafuta, kapena china chilichonse. Anati likayamba kupweteka kapena kutuluka mafinya, kapena thupi likatentha, ndibwerere tsiku lomwelo. Likapanda kutseguka pa milungu itatu, ndibwererenso.

Mapira anasamukira kunyumba kwa Rute tsiku lomwelo. Mayi a Rute anabweza mkeka wawo m'chipinda. Ine ndinachita zonse zimene anandiuza. Kukoka madzi amchere m'mphuno si chinthu chaulemu, choncho ndinkachitira kuseri, nditayamba ndayang'ana njira mbali zonse ziwiri. Pa zotafuna, mayi a Rute anagula chingamu, chinthu chimene ndinachiletsa pakhomo panga kalekale chifukwa chimasandutsa munthu mbuzi. Anandipatsa ndi manja awiri. Ndinatafuna.

Patapita masiku anayi kuyetsemula kunachepa. Maso anayera. Mphuno inatseguka mbali imodzi, kenako inayo. Makutu anachedwa. Lakumanzere linayamba kuthetheka ndikameza, koma lakumanja linangokhala duu. Masiku ankapita. M'mamawa uliwonse ndinkaona a Bizeki akudutsa kupita kudoko, mkamwini ali pambuyo atanyamula nkhafi mozondotsa. Ankati akungomuphunzitsa.

Tsiku la khumi ndi chiwiri ndinali pakhonde, nditangochoka pabeseni. Ndinayasamula kwambiri, ndipo m'khutu munangoti thu. Dziko lonse linalowa nthawi imodzi: nkhuku, mphepo m'migwalangwa, wailesi ya kutali. Kumbuyo kwanga mayi a Rute ankapala nsomba akuyankhula okha mokweza, monga anali atazolowera masiku amene ndinali wogontha.

"Taonani khosi lakelo. Kuuma mutu ngati chitsa cha tsanya. Zaka makumi anayi, nyumba ili ndi mutu umodzi, nyumba ili ndi mutu umodzi. Mutu wake womwewo wogona ndi mapira. Mvuu ikanamutenga, ine bwenzi ndikukangana ndi ndani?" Kenako mawu anatsika. "Ambuye, mutsegulireni makutu munthuyu. Akamuchotsa m'bwato afota."

Ndinadikira. Kenako ndinati, osatembenuka, "Zaka makumi anayi ndi ziwiri."

Mpeni unagwa m'beseni.

"Mwayamba liti kumva?"

"Pa khosi paja."

Julayi asanathe ndinapita kudoko. A Bizeki sanakhulupirire. Anaima kumbuyo kwanga n'kunong'ona kuti, "Nkhalamba yodumpha ndi mwala." Ndinawakumbutsa kuti nzeru ya mwalayo inali yawo. Anaseka, n'kuuza mkamwini kuti atsike. Mkamwiniyo anathokoza kawiri, ndipo anachoka mofulumira kuposa mmene anabwerera.

M'mamawa womwewo tinalowa m'kanjira komwe kaja. Nkhungu inalipo. Tisanafike pokhota ndinamva kupuma, kwakukulu ndi kwakung'ono. Ndinakweza dzanja. A Bizeki anakhota osafunsa. Titatuluka pamadzi oyera anathokoza m'Chisena, "Takhuta, alamu." Ndinati, "Mhm." Ulendo umenewu ndinali nditamva.

Chaka chino ndinamanga nkhokwe mvula isanathe. Mapira atayamba kuuma ndinapita kuchipatala ndekha, osadikira kabaza woitanidwa ndi munthu wina. Popuntha ndinakhala pansi pa mtengo kumene mphepo ikuchokera, nditavala chophimba mphuno, n'kumalamula ndili patali. Ndinayetsemula masiku ochepa. Makutu sanatseke. Madzi amchere ndimachitabe nyengo ya fumbi. Chingamu ndinachiletsanso.

Kwa amuna anzanga a msinkhu wanga ndikunena izi. Chimfine chobwera nyengo yomweyomweyo chaka ndi chaka chili ndi chimene chimachiyambitsa, ndipo chimathandizika. Khutu likatseka, nenani tsiku lomwelo. Pitani kuchipatala akaunike, musayambe ndi nthenga. Zambiri zimene adzakuuzani n'zapakhomo, madzi, mchere ndi kutalikira fumbi, koma muyambe mwamva kwa amene waona m'katimo. Ine ndinabisa milungu iwiri, ndipo ndinatsala pang'ono kupha anthu awiri chifukwa cha manyazi a mamina.

Padoko ambiri amanditchabe Khutu. Ena ayamba kunditcha Mwendo Umodzi, monong'ona, ndikapereka msana. Onsewo ndimawamva.