Galimoto Yoimika pa Mtsetse

Galimoto yanga yapetulo inakalamba mpaka inasiya kulira ndi kiyi. Kwathu ku Biriwiri ndinkaiimika pa mtsetse, mwala kutayala, kuti m'mawa ingotsetsereka n'kulira. Ngakhale pamaliro ndinkayamba ndafunafuna potsetsereka ndisanapepese anamfedwa. Mwezi ndi mwezi ndinali kwa makaniko pa boma: lero mapulagi, mawa oilo, mkucha mabuleki. Ndinatopa nayo.

Tsiku lina alamu anga, atangobwera kuchokera ku Joni, anandipeza ndili chagada kunsi kwa galimotoyo.

"Mukuzunzikiranji, alamu? Galimoto zamagetsi sizifuna oilo kapena mapulagi, ndipo batire yake imakhala zaka zambiri."

Ndinatuluka manja ali bii, msana ukuwawa.

"Nanga batireyo ikafera pakati pa phiri, galimotoyo imalira mukaikankha?"

Anayang'ana kumbali. Ndinawapatsa sipanala kuti andigwirire, n'kubwerera kunsi.