Achari Pansi pa Dzira

Kukamayera kum'mawa, a Nikodemo amakhala atakoleza kale makala. Amachita chizindikiro cha mtanda, n'kumangirira panjinga chiwaya, mazira ndi dengu la pau, buledi uja amaphika okha mu uvuni wadothi kuseri kwa nyumba. Pochoka sakhala ndi womutsanzika. Akazi awo a Yudita anatsogola kalekale, ndipo galu amene anatsala naye anafa chaka chatha.

Malo awo ali m'mphepete mwa msewu pa Cassacatiza, pamene makamyau, magalimoto akuluakulu a katundu, amandanda kudikira kuti malire a Zambia atseguke. Amagulitsa sandesi, pau woikamo dzira. Ogulitsa alipo enanso, koma kapangidwe ka a Nikodemo nkosiyana. Pau amamung'amba osamaliza, kumukolowola pakati ndi chala chachikulu, n'kumugoneka chafufumimba pachiwaya kuti amwe mafuta. Kenako achari wa mango pansi, dzira pamwamba. Ena onse achari amathira pamwamba. A Yudita ankati dzira lotentha ndi limene limadzutsa achari, ndipo anaphunzitsa anthu awiri okha: amuna awo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Inês.

Inês anachoka maliro a mayi ake atangotha, ndi mnyamata wa ku Moatize amene bambo ake sanamufune. Poyamba ankaimba foni mwa apo ndi apo. Kenako nambalayo inasiya kulira.

M'mawa wina oyendetsa makamyau anayamba kukangana pamene akudya, nkhani yake yakuti mumzinda wa Tete sandesi wokoma amapezeka pati. Wina anati kumsika waukulu.

"Iwe, wa kumsika uja ndi pau wa dzana, utagenda naye galu akhoza kukomoka!" anatero Semu, woyendetsa wina wolongolola amene ankadutsa pamenepo kawirikawiri. "Pita kutsidya kwa mlatho, pali kabaraka ka malata kogulitsiramo zakudya. Mayi wake amachita ngati madala awa, achari pansi, dzira pamwamba. Madala, munatsegula nthambi ku Tete osatiuza?"

Onse anaseka. Dzira limene linali pachiwaya linapserera, chinthu chimene a Nikodemo sanachitepo.

"Dzina lake ndani, mwana wanga?"

"Ine njala itandigwira ndizifunsa maina? Timangoti mana, ndiye kuti achemwali."

"Ngwamfupi? Woderapo?"

"Ndi dzuwa la ku Tete lija, madala, aliyense ngwoderapo. Ndinangoona kuti ali ndi kamwana kumbuyo."

A Nikodemo anapala dzira lopsereralo n'kuswa lina.

Lamulungu atauza anzawo a kutchalitchi, onse anawalimbikitsa kuti akwere galimoto akadzionere okha. Msewu ndi womwewo, wosakhota. Iwo anapukusa mutu.

"Ndikakapeza kuti si iye, m'mawa ndizidzukira chiyani? Ndipo ngati ali iye, njira ya kwawo akuidziwa. Mwina sakufuna kundiona."

Anasankha njira yawo. Semu atabwerera kuchokera ku Zambia, anamuitanira pambali n'kumupatsa kansalu koyera kamene a Yudita ankavundikirira pau, n'kumupempha chinthu chimodzi. Semu anaseka, anati zimenezo nzosavuta, n'kuponya kansaluko pampando.

Mvula inabwera, inatha, inabweranso. Semu sanaonekenso pa Cassacatiza. Ena amati abwana ake anamusinthira msewu wa ku Beira, ena amati anasiya ntchito. Oyendetsa ena akafunsidwa za baraka ya kumlatho amati mabaraka kumeneko ndi ambirimbiri, anena iti? A Nikodemo sanatumenso wina. Kansalu kanali kamodzi komweko.

Mpaka lero amakoleza makala kusanache bwino, achari pansi, dzira pamwamba. Kamyau yoyera ngati ya Semu ikatulukira kuchokera kumwera amasiya chiwaya n'kuimirira, kupukuta manja pamalaya, mpaka ataona nkhope ya woyendetsa. Madzulo akamapemphera korona amatchula a Yudita, Inês, kamwana kosadziwika dzina kaja, ndipo pomalizira Semu, kuti Mulungu amusunge pamsewu ndi kumukumbutsa mawu aja:

"Ukandigulireko sandesi mmodzi kwa mayiyo, umukulunge m'kansalu aka. Usamuuze kanthu. Ngakhale afike atauma, ndikangomutsegula ndidzadziwa ngati lili dzanja la mwana wanga."